Sikelo Ilibe Mlamu

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinatchetcha kapinga wa eni ku Randburg,
kapinga wosadya mbuzi, wothiriridwa ngati dimba,
ndipo pakutha pa mwezi ndinkagwira zongokwana lendi
ndi kamtokoma ka mayi ku Ntaja.

Lero ndili ndi sikelo.
Ya mbedza, yachikasu, yogula kwa Mmwenye wa ku Fordsburg,
mipukutu inayi ya selotepi,
ndi malo okwana mapazi awiri mumsewu wa Wanderers,
pamene mabasi a kumudzi amatsokomolera utsi.

Tsiku loyamba ndinamanga katundu wa anthu khumi ndi awiri:
mabulangete, mafuta ophikira, wailesi,
njinga ya mwana yopanda tcheni.
Pofika madzulo thumba linalemera, mutu unapepuka.
Ndinagula nkhuku yootcha yathunthu, ndinagula nsapato,
ndinaimbira Esinati kuti Joni wayamba kundidziwa dzina.
Kutacha, selotepi inali itatha,
ndipo ndalama yogulira ina inali m'mimba mwanga.

Tesfaye, wa ku Ethiopia, mwini kagolosale ka pakona,
anandiyang'ana pa mawaya a zenera lake, osaseka.
Chizulu chake n'chothyokathyoka, changanso chimodzimodzi,
koma tinamvana.
Anatulutsa zitini ziwiri za mabisiketi.
Ichi ndi changa, anatero, ichi ndi cha sitolo.
Cha sitolo sichidziwa kuti ine ndimamva njala.
Anandikongoza mipukutu iwiri,
nalemba dzina langa molakwika
m'kope lake lonona mafuta m'mphepete.

Nanenso ndinagula kope, la ana a sukulu, la mizere.
Kumanzere zolowa, kumanja zotuluka,
pakati ine ndi cholembera chotafunidwa kumutu.
Kope silinyengerera munthu, abale.
Linandiuza kuti Lachiwiri ndi tsiku lakufa,
kuti masika athu kuno ndi Disembala
ndipo Januwale ndi chilala.
Linandiuzanso, mosatsitsa mawu,
kuti Che Bwanali, amene amanditcha mlamu,
amangitsa katundu kanayi osalipira.

Kukana munthu wa kwanu kumaima pakhosi ngati munga wa nsomba.
Ndinayeserera usiku wonse, kuyang'ana kudenga,
m'mawa n'kunena maso ali pansi:
Achimwene, sikelo ilibe mlamu.
Anandidutsa masabata awiri ngati ndine mtengo wa magetsi.
Sabata yachitatu anabwera ndi firiji,
nawerenga ndalama pachikhatho panga, imodziimodzi, mokwiya.

Lachisanu lina apolisi a mzinda anatsika m'galimoto
natola sikelo, selotepi, ngakhale kireti yomwe ndinkakhalira.
Ndinatsala manja lende,
anthu akundilambalala ndi zikwama zawo pamutu.
Usiku umenewo ku Yeoville,
m'chipinda cha anthu asanu chogawidwa ndi makatani,
ndinatsegula chitini chija chosadziwa njala.
Munali yokwana sikelo ina,
ndi yotsala yokwerera minibasi kukafunsa za chiphaso cha malo.
Ndinalira pang'ono, mosadzutsa anzanga.

Tsiku lililonse ndimakweza pa mbedza zopita kwathu,
makilo makumi atatu a ku Balaka, makumi asanu a ku Mzimba,
ndimalemba maina a midzi pa selotepi ndi inki yakuda,
basi n'kunyamuka, ine n'kutsala.
Chimenecho sindinachipezere mzere m'kope.

Tsopano pali Chawanangwa, wofika mwezi watha,
amene amandigwirira chingwe ndikamamanga mfundo.
Dzulo ndamupatsa malipiro ake oyamba.
Ndinamuona akuwoloka msewu,
maso ali pa nkhuku zozungulira m'galasi.
Sindinamuitane.
Adye kaye.
Zitini ziwiri ndamusungira kale pansi pa kireti.